Agogo Akasiya Kumva Bwino: Phindu la Kachipangizo ka M'khutu

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Zikomo abale ndi alongo kulikonse kumene mwatchera khutu: ku Tsangano, ku Ntengo-wa-Mbalame, ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ndi inunso a kutsidya kwa malire ku Ntcheu ndi ku Dedza. 

Nkhani ya lero ili ndi kovuta kake. Munthu amene ikumukhudza kwambiri ndi amene sakundimva bwino panopa. Mwina ali pakhonde, wailesi ikulira koma iye akungoyang'ana kumsewu. Choncho ndilankhula ndi inu amene mumakhala naye: mwana wake, mpongozi wake, mdzukulu amene mumatumidwa kukafuula kuti "Agogo, nsima yapsa!" Mumvetsere m'malo mwake, pulogalamu ikatha mukamufotokozere.

Tikukamba za kachipangizo kothandiza kumva, kaja kamene kamakoleka kuseri kwa khutu, kokhala ndi kapaipi kolowa mkati. Ambiri timangodziwa kuti kamakweza mawu, basi. Ine ndikuti phindu lake limapitirira khutu. Limafika mumtima, m'mutu, m'miyendo, ngakhale m'thumba.

Tiyambe ndi momwe kumva kumathera. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse. Timeneti ndi timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Timafa ndi ukalamba, ndi phokoso la zaka zambiri, ndi matenda, nthawi zina ndi mankhwala amene anatipulumutsa. Kuno kwathu zonsezi timazidziwa. Alipo anyamata amene amatandala m'chigayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, makutu opanda chotchinga. Alipo amene anagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize, kapena kale ku Joni. Alipo akuluakulu amene mfuti ndi mabomba zinawalirira pafupi pa nkhondo ija inatha mu 1992. Ana ena anadwala chikuku, matenda oumitsa khosi, kapena malungo ofika ku ubongo, n'kuchira koma makutu atapita. Enanso anabayidwa kwa miyezi jakisoni wa chifuwa chachikulu, monga streptomycin ndi kanamycin, amene amadziwika kuti amawononga makutu. Kwinini nayenso ambiri mukumukumbuka momwe amalizira makutu.

Timaselo timene timayamba kufa ndi timene timamva mawu aang'ono, okwera, monga a ana ndi a amayi, ndi timaphokoso tija timasiyanitsa mawu ofanana. N'chifukwa chake agogo amati, "Ndikumva ndithu, koma anawa amalankhula momeza mawu." Sakunama. Phokoso likufika, koma tanthauzo likutsalira m'njira. Namwino akati "Mubwere Lachitatu," iwo amamva "Lachisanu." Akati "Awiri m'mawa, awiri madzulo," iwo amagwedeza mutu mwaulemu, n'kutuluka osadziwa chimene avomera.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lalikulu la nkhaniyi mu March 2021. Linati anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto la kumva, ndipo mwa iwo 430 miliyoni vuto lawo ndi lofunika thandizo. Mwa anthu opitirira zaka 60, woposa mmodzi mwa anayi alionse samva mokwanira. Koma mwa anthu 100 ofunika kachipangizoka padziko lonse, amene amakavala ndi 17 okha, ndipo kuno ku Africa ndi ochepa kuposa pamenepo. Ndiye agogo anuwo sali okha, ndipo palibe amene anawalodza.

(Kanyimbo kakafupi)

Phindu loyamba, limene ine ndimaliona lalikulu koposa, ndi lakuti munthu amabwerera pakati pa anthu.

Taonani momwe zimakhalira. Ndi mwezi wa June, chisanu cha ku Tsangano chaluma, banja lonse lazungulira moto m'khitchini. Wina waponya nthabwala, onse aseka. Agogo ayang'ana nkhope imodziimodzi, nawonso n'kuseka mochedwa, osadziwa choseketsa. Afunsa, "Mwati chiyani?" Wina abwereza. Afunsanso. Kachitatu mdzukulu angoti, "Aa, zisiyeni agogo, palibe kanthu." Mawu amenewa, akuti palibe kanthu, amabaya kuposa momwe timaganizira. Mawa lake agogo safunsanso. Pakatha miyezi ayamba kudya okha. Kutchalitchi asiya kupita chifukwa ulaliki sakuumva. Pamaliro akhala chapatali. Pabwalo la amfumu, pamene kale mawu awo ankadula mlandu wa malire a munda, tsopano sakuitanidwanso, poti amayankha zina pamene afunsidwa zina.

Ndiyeno ife timayamba kuwapatsa mayina. Timati akula mtima. Timati ayamba mwano, tikawapatsa moni sayankha. Timati mutu wasokonezeka. Ndipo tisabise, m'midzi mwathu nkhalamba yokhala yokha, yosayankha moni, yolankhula mokweza mosayenera, sichedwa kutchedwa mfiti. Pali agogo amene anyozedwa ndi kusalidwa pamene vuto lawo linali makutu chabe.

Kusungulumwa kotere kumadwalitsa. Akatswiri apeza mobwerezabwereza kuti achikulire osamva bwino amagwidwa kwambiri ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kuposa anzawo akumva. Munthu wotere tulo timavuta, chakudya sichikoma, ndipo amafooka msanga. Kachipangizo kakayikidwa bwino, chimene abale amayamba kuona ndi chakuti munthu uja wayambanso kulowerera nkhani, kutsutsa, kufunsa za mitengo ya feteleza, kukalipira adzukulu. Mukaona agogo ayambanso kukalipa pa nkhani imene ikukambidwadi, dziwani kuti zinthu zayamba kuyenda.

Phindu lachiwiri lili mu ubongo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amakokomeza.

Ku America, pa yunivesite ya Johns Hopkins, kuli dokotala wa makutu dzina lake Frank Lin. Mu 2011 iye ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira anthu 639 kwa zaka pafupifupi 12. Anapeza kuti amene anali ndi vuto laling'ono la kumva, mpata wawo wodzadwala matenda oiwalaiwala a ukalamba unali wowirikiza pafupifupi kawiri. A vuto lapakatikati, katatu. A vuto lalikulu, pafupifupi kasanu. Matenda amenewa ndi aja munthu amaiwala mayina a ana ake, amasochera pamudzi pake pomwe, amayika poto pamoto n'kuchoka. Mu 2020 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linandandalika zinthu 12 zimene munthu angathe kuzipewa kapena kuzichiza kuti achepetse matendawa, monga kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Pa zonsezo, kusamva bwino ndi kumene kunatenga gawo lalikulu.

Khutu ndi kuiwala zikukhudzana bwanji? Ganizirani munthu amene wasenza thumba la mbatatesi akukwera chitunda. Mukamufunsa kuti chaka chatha anakolola matumba angati, sakuyankhani, mphamvu zonse zili pa katunduyo. Ubongo wa munthu wosamva bwino umakhala choncho tsiku lonse. Umalimbana ndi kulumikiza zidutswa za mawu, kuyerekeza chimene chanenedwa, kuwerenga milomo, moti mphamvu yosungira zimene wamva imatsala yochepa. N'chifukwa chake anthu otere amafika madzulo atatopa ngati alima, pamene angokhala pamsonkhano. Kuwonjezera apo, mbali ya ubongo imene imalandira mawu ikakhala nthawi yaitali osalandira kanthu imafooka, ndipo munthu amene sachezanso ndi anthu ubongo wake umasowa chochita.

Funso n'lakuti, kodi kuvala kachipangizo kumateteza? Dokotala Lin yemweyo anatsogolera kafukufuku wina wotchedwa ACHIEVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu July 2023. Anatenga anthu 977 a zaka 70 mpaka 84 osamva bwino. Theka anawapatsa zipangizo, theka linalo anangowaphunzitsa za umoyo wa achikulire, n'kuwatsatira zaka zitatu. Atawerengera onse pamodzi, panalibe kusiyana kwenikweni. Koma m'gululo munali anthu 238 amene anali okulirapo ndiponso a thanzi lofooka, amene anali kale pachiopsezo. Mwa amenewa, ovala zipangizo kufooka kwa nzeru zawo kunachedwa ndi 48 peresenti poyerekeza ndi anzawo.

Ndiye wina asakunamizeni kuti kachipangizoka ndi mankhwala ochiza kuiwala. Sikachiza. Koma kwa nkhalamba imene ili kale ndi BP kapena shuga, imene yayamba kufooka, umboni ukuonetsa kuti kumva bwino kumathandiza mutu kukhalabe wamphamvu nthawi yotalikirapo. Kwa ine zimenezo n'zokwanira. Ndipo pali china: agogo ena amene timati aiwala sanaiwale ayi, sanamve n'komwe poyamba. Munthu sangakumbukire chimene sichinalowe.

(Nyimbo, mphindi imodzi)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za phindu la kachipangizo kothandiza kumva.

Tibwere ku miyendo. Mu 2012 kafukufuku wa anthu oposa 2,000 a zaka 40 mpaka 69 anapeza kuti ngakhale amene kumva kwawo kwangotsika pang'ono amagwa pafupipafupi, mowirikiza pafupifupi katatu kuposa akumva bwino. Chifukwa china n'chakuti chiwalo chimene chimatithandiza kuima osapepesuka chili m'khutu momwemo, pafupi ndi kankhono kaja. Chinanso n'chakuti poyenda timadalira makutu osadziwa: kulira kwa mapazi athu, madzi a mumtsinje, mbuzi imene ikudutsa kumbuyo. Dziko lathu lino ndi la mapiri ndi zigwa, njira za kudimba n'zoterera nthawi ya mvula, ndipo nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri sidzukanso bwinobwino.

Za pamsewu sindichita kunena zambiri. Njinga zamoto zadzaza paliponse, malole a mbatatesi ndi a fodya amathamanga, ndipo woyendetsa akaliza hutala amayesa kuti mwamva.

Palinso kulira kwa m'makutu, kuja munthu amati muli nkhululu kapena mluzu usana ndi usiku. Ambiri osamva bwino amavutika nako, ena mpaka kusowa tulo. Kachipangizo kakabweretsa mawu akunja, ambiri amaona kuti kulirako kwachepa mphamvu, poti ubongo wapeza china chomvetsera.

Nanga thanzi lonse? Munthu wa BP, wa shuga, kapena amene ali pa ma ARV moyo wake umadalira kumva malangizo molondola. Kuchipatala kumakhala mzere wautali, phokoso la ana, dzina limaitanidwa kamodzi, ndipo namwino mwina akulankhula Chipwitikizi chofulumira. Wosamva bwino amadumphidwa pamzere, amasokoneza tsiku, amasokoneza kamwedwe. Ena amatenga mdzukulu kuti akawamvere, koma pali matenda amene munthu wamkulu safuna kuti mwana amve. Kachipangizo kamamubwezera chinsinsi chake ndi ulemu wake. Mu January 2024 kafukufuku wina wa ku America, wotsogoleredwa ndi dokotala Janet Choi, anapeza kuti mwa anthu osamva bwino, amene ankavala zipangizo nthawi zonse imfa zinali zochepa ndi 24 peresenti kuposa amene sanavalepo. Tisathamange nazo, poti anthu okwanitsa kupeza ndi kusamala zipangizo nthawi zambiri amadzisamaliranso m'njira zina. Koma onani mawu akuti nthawi zonse. Amene ankavala mwa apo ndi apo sanaonetse phindu limenelo.

Za m'thumba, alimi a fodya a ku Macanga mukudziwa bwino. Mlangizi akamafotokoza za nazale ndi ngongole ya zipangizo, kapena pamsika akamatchula giredi ndi makilogalamu a belo lanu, muyenera kumva nokha. Chimodzimodzi amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi m'misika ya m'malire, kumene mtengo umatchulidwa pena m'makwacha pena m'meticais. Wosamva bwino amavomera mtengo umene sanaumve, kapena amasiyira ena malonda ake.

Ndisaiwale ana. Mwana amaphunzira kulankhula pomva. Akabadwa wosamva, kapena makutu akawonongeka ali wamng'ono, zaka zoyambirira ndi zimene zimaumba chilankhulo chake, ndipo akatswiri amalangiza kuti wobadwa nalo vutoli ayambe kuthandizidwa asanapitirire miyezi 6. Kusukulu kuno mwana amafunika kugwira Chipwitikizi, chimene kunyumba sitilankhula. Ndiye taganizani mwana wa m'kalasi ya ana ambirimbiri, wakhala kumbuyo, akumva theka la mawu a chilankhulo chachilendo. Mphunzitsi amati ndi mbuli, makolo amati ndi wopulupudza, chaka chachitatu wasiya sukulu n'kukaweta ng'ombe. WHO imati mwa ana 10 osamva, pafupifupi 6 vuto lawo likanapewedwa ndi katemera, uchembere wabwino ndi kuchiza msanga matenda a m'khutu. Mayi, mwana wanu akamatuluka mafinya m'khutu musati ndi za ana, zidzatha zokha. Mafinya a miyezi nthawi zambiri amasonyeza kuti nembanemba ya m'khutu yabooka. Ndipo kwa ana amene samva kotheratu, chilankhulo cha manja ndi chilankhulo chokwanira, chimene mwana angaphunzire nacho sukulu mpaka patali.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano wina akuti, "Zonsezo tamva, nanga kachipangizoko tikakapeza kuti?" Ndikuyankhani mosabisa: kuno kumapiri n'kosowa, ndipo ulendo wake ndi wofuna kudekha.

Poyambira ndi pachipatala chanu chapafupi, kapena kwa wothandiza zaumoyo wa m'dera lanu. Akayang'ane m'khutu. Nthawi zina vuto lonse ndi phula louma limene latseka njira, ndipo akalichotsa munthu amamva tsiku lomwelo popanda kachipangizo. Nthawi zina ndi mafinya ofunika mankhwala. Musatokose ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi, musathiremo madzi a zitsamba kapena mafuta otentha. Ngati vuto lili mkati, pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu, ku Ulónguè kapena ku Tete, ndipo kumeneko mukafunse za kuyezedwa makutu. Kutsidya ku Malawi kulinso malo awiri odziwika amene amayeza makutu ndi kuyika zipangizozi: ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, pa African Bible College, ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchokera ku Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Amene mungaganize zowoloka, konzani mapepala anu a pachipata ndipo yambani mwafunsa za masiku ndi mtengo musananyamuke.

Kuyezako sikupweteka. Amakuvekani zomvera m'makutu, n'kumaliza timaphokoso tosiyanasiyana, inu n'kumakweza dzanja mukamva. Zotsatira zake ndi zimene amachunira kachipangizo kuti kakweze mawu okhawo amene khutu lanu lataya. Amathiranso kaphala kofewa m'khutu kuti aumbe chotsekera chokwana inu nokha. Pachifukwa chimenechi, kachipangizo ka malemu amalume si kanu, ndipo tija totchipa togulitsidwa pamsika pamodzi ndi matochi ndi machaja timangokweza chilichonse mofanana. Timeneti tikhoza kuwonjezera kuwononga khutu.

Mukakapeza, masabata oyamba ndi ovuta, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja. Munthu amene wakhala zaka m'chete amadzidzimuka: nkhuku zikusokosa, mbale zikulira, ngakhale kutafuna kwake komwe akukumva. Mawu ake omwe amamveka achilendo. Ambiri amavula, n'kukulunga pakansalu, n'kuika m'sutikesi kuti azidzavala Lamulungu. Ayi. Ubongo umafuna kuzolowera, ndipo umazolowera pomva tsiku ndi tsiku. Ayambe maola ochepa pamalo a phee, akucheza ndi munthu mmodzi, n'kumawonjezera mpaka azivala kuyambira podzuka kufikira pogona. Kakamalira mluzu kapena kupweteka, abwerere nako akakakonze. Sikabwezera khutu la unyamata, ndipo pamsika kapena pamaliro padzakhalabe povuta, koma kusiyana kwake abale mudzakuona.

Adani ake ndi madzi, fumbi ndi kusowa kwa mabatire. Avule posamba ndi pogona, ndipo mvula kapena nkhungu ikachuluka akabise. Usiku atsegule kachitseko ka batire, n'kukaika m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi timatumba tija toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato. Chotsekera chija achipukute kuti phula lisatseke kabowo. Mabatire ake ndi ting'onoting'ono, amadziwika ndi nambala ndi mtundu wa kapepala komatidwa pamwamba: 675 ndi kabuluu, 13 ndi kaolenji, 312 ndi kabulawuni. Mukamatula kapepalako dikirani mphindi imodzi musanaike, chifukwa batireyo imagwira ntchito ndi mpweya. Imatha pa masiku ochepa mpaka masabata atatu, malinga ndi kukula kwake, ndipo m'magolosale a kumudzi simudzaipeza. Choncho musachoke kuchipatala musanafunse kumene muzikagula, ndipo tengani okwanira miyezi ingapo. Muwabise kutali ndi ana, mwana akameza kabatire n'ngozi yothamangira nayo kuchipatala. Masiku ano ziliponso zotchaja ngati foni. Ku Botswana anayamba kalekale, cha m'ma 2002, kupanga chotchajira mabatirewa ndi dzuwa, ndipo ogwira ntchitoyo anali anthu osamva. Kwa ife amene timatchaja mafoni pa sola, funsani ngati mtundu wotchaja ulipo.

Pamene mukudikira zonsezi, pali zimene mungayambe madzulo ano osalipira kanthu. Musalankhule ndi agogo muli kuseri kwa nyumba. Bwerani patsogolo pawo, pamene pali kuwala, aone nkhope yanu. Atchuleni kaye kuti adziwe kuti mukunena nawo. Lankhulani momveka, mosathamanga, koma musakuwe, poti kukuwa kumapotoza mawu ndipo kumaoneka ngati mukuwakalipira. Akapanda kumva kawiri, sinthani mawu, nenani mwanjira ina. Wailesi ngati inoyi itsitseni mukamalankhula nawo. Inu anyamata a m'chigayo ndi okonda zomvera m'makutu, muyeso wake ndi uwu: ngati mukuchita kufuula kuti mnzanu amene ali pafupi, woti mungamugwire ndi dzanja, akumveni, phokosolo likudya makutu anu. Tsekani makutu pantchito, tsitsani nyimbo.

Chaka chilichonse pa 3 March dziko lonse limakumbukira za makutu ndi kumva, koma inu musadikire tsikulo. Ngati pakhomo panu pali munthu amene mumamubwerezera mawu katatu, kapena mwana amene wafika zaka ziwiri osatchula mawu, mutengeni sabata ino mupite naye kuchipatala. Mukafika mukanene momveka kuti, "Tabwera kuti mumuyang'ane m'makutu," ndipo musabwerere musanadziwe kumene akukutumizani.

 

(Nyimbo yotsekera)